Damu la pa munda wogula: udindo ndi wa yani?

Funso: Akuluakulu, tagula munda wokhala ndi damu laling'ono limene anthu amasambiramo ndi kuwedzamo nsomba. Kodi madziwo ndi athu, nanga khoma likagumuka n'kuononga minda ya kumunsi, mlandu ungagwere yani?

Mlimi wa ku Dedza: Malinga ndi lamulo la madzi la 2013, madzi ali m'manja mwa boma, choncho mufunika chilolezo cha bungwe la boma loyang'anira za madzi la National Water Resources Authority, koma kusamalira khomalo ndi udindo wanu.

Mayi wa ku Zomba: Bambo, mvula isanayambe muyendere khomalo, ndipo mukaona madzi amatope akutuluka kumunsi kwake muitane injiniya msanga, chifukwa ndiye kuti dothi likukokoloka m'kati. Musalolenso mitengo kumerapo, popeza mizu ikaola imasiya njira za madzi.

Wofunsa: Zikomo kwambiri, ndiyamba ndi chilolezocho.