Njira yosungira ndi wavelength pa netiweki ya DWDM: tizisankha bwanji?

Akuluakulu odziwa za fiber, ndithandizeni maganizo. Netiweki ndi ya DWDM (fiber imodzi imanyamula mauthenga ambiri, uliwonse pa wavelength yake, kapena kuti mtundu wake wa kuwala), ya mesh (malo ake ndi olumikizana m'njira zingapo), ili ndi ma node (malo olumikizira) 14, ikuyenda pa C-band (gawo lina la ma wavelength) ndi mipata ya 50 GHz, ma channel 80, ndipo mulibe wavelength converter (chida chosinthira wavelength). Choncho lightpath (njira ya kuwala) iliyonse iyenera kugwira wavelength imodzi kuchokera poyambira mpaka kothera.

Vuto lagona pa njira yosungira, yomwe uthenga umadutsamo njira yaikulu ikaduka. Kupeza kaye njira yaifupi ndi masamu a Dijkstra, kenako kuchotsa ma link ake n'kufufuza yachiwiri, nthawi zina sikutulutsa kanthu ngakhale njira ziwiri zosakhudzana zilipo. Masamu a Suurballe, opeza njira ziwiri nthawi imodzi, amathetsa zimenezo, koma saona kuti ma fiber awiri adutsa mupaipi imodzi. Okumba msewu akafika pamenepo, onse awiri amaduka limodzi. Kodi ndi bwino kulemba ma SRLG onse (magulu a ma link amene angaduke limodzi chonchi) n'kugwiritsa ntchito ILP (masamu ofufuza yankho labwino koposa), kapena kuyesa njira zisanu zazifupi ndi k-shortest paths kukukwana pa netiweki yaing'ono chonchi?

Palinso nkhani ya chitetezo. 1+1 (kutumiza uthenga pa njira zonse ziwiri nthawi imodzi) imasintha mkati mwa ma millisecond 50, koma imadya malo oposa kawiri poti njira yosungira nthawi zambiri imakhala yaitali. Shared protection (njira zingapo kugawana malo osungira amodzi) imapulumutsa ma wavelength, bola njira zogwira ntchito zisakhale mu SRLG imodzi, koma ma ROADM (zida zowongolera ma wavelength pa node) amakonzedwa fiber itaduka kale, ndiye imachedwa. Amene mumaigwiritsa ntchito, mumagawa bwanji ma wavelength: first-fit (kutenga yoyamba yopezeka) kuyambira pansi kwa njira zogwira ntchito, kuchokera pamwamba kwa zosungira? Nanga OSNR (mphamvu ya uthenga poyerekeza ndi phokoso) ya njira yosungira mumaiwerengera musanaisankhe kapena mukaisankha?