Za masipuling'i otsitsa galimoto aja

Mwezi watha ndinafunsa ngati ndigule masipuling'i otsitsa galimoto ndi mamilimita 30 kapena 50. Zikomo nonse amene munandiyankha. Ndinatenga a 30, amtundu wa progressive, omwe amafewa pa timabampu ting'onoting'ono koma amalimba galimoto ikayamba kupendekeka pakona. A 50 ndinawaopa chifukwa mashoko sindinasinthe, ndipo sipuling'i ikafupika kwambiri shoko imagwira ntchito itapanikizika kale, ndiye imatha msanga.

Pomwe ndinaphonya ndi pa alignment, kuwongola matayala kuti galimoto iziyenda molunjika. Ndinathamangira kupangitsa tsiku lomwe ndinaika masipuling'iwo, osadziwa kuti masipuling'i atsopano amayamba akhazikika kaye. Patapita masabata awiri galimoto inatsikanso pang'ono, chiwongolero chinapotoka, ndinabwererakonso. Pakona yasiya kupendekeka kuja. Koma pa hampu ndimadutsa chopingasa, pang'onopang'ono, khutu lili pansi.