Jekete langa la 50N lakanidwa pa mpikisano wogonera panyanja: lamulo lake lili pati?

Mphepo_ya_Kumbuyo:
Akuluakulu, ndikupempha kuti mundiunikire. Ndimapikisana pa maboti ang'onoang'ono a matanga, ndipo jekete loyandamitsa limene ndimavala lili ndi chizindikiro cha muyezo wa padziko lonse wa ISO 12402-5, mlingo wa 50N (nambala yosonyeza mphamvu yake yoyandamitsa). Palibe woyendetsa mpikisano amene analikanapo. Tsopano ndaitanidwa kuti ndikakwere boti lalikulu pa mpikisano wogonera panyanja, koma mwini boti akuti jekete limeneli silingaloledwe. Ndawerenga Lamulo 40 m'buku la malamulo a World Sailing, bungwe loyang'anira mipikisano ya maboti a matanga padziko lonse, ndipo silitchula nambala iliyonse. Nanga amene amanena kuti jekete ndi lovomerezeka ndi ndani?

Chiongolero:
Achimwene, mwawerenga bwino, koma yankho lanu lili m'chikalata china. Lamulo 1.2 limangonena kuti boti likhale ndi zida zokwanira zopulumutsira onse okweramo, komanso kuti aliyense ali ndi udindo wovala jekete logwirizana ndi mmene nyanja ilili. Lamulo 40 limanena nthawi imene kuvalako kumakhala kokakamiza, ndipo limachenjeza kuti wetsuit ndi drysuit, zovala zoteteza ku kuzizira kwa madzi, siziwerengedwa ngati jekete. Mlingo wa jekete umalembedwa m'malamulo a mtundu wa boti, m'chikalata cholengeza mpikisano, kapena m'malangizo amene opikisana amalandira asanalowe m'madzi. Mwachitsanzo, malamulo a Optimist, kaboti ka ana, amafuna jekete la mlingo wa 50N lokhala ndi wezulo yomangiriridwa.

Maboti aakulu amatsatira Offshore Special Regulations, malamulo amene amagawa mipikisano kuyambira gawo 0, la owoloka nyanja zazikulu, mpaka gawo 4, la mipikisano yaifupi yochitika masana pafupi ndi gombe. Kumeneko amafuna jekete la ISO 12402-3, mlingo wa 150N, chotero mwini boti sakukunamizani. Pemphani chikalata cholengeza mpikisanowo, muone gawo limene alemba, kenako muwerenge ndime 5.01 pa gawo limenelo.

Mayi_wa_Nangula:
Ndikuvomerezana ndi a Chiongolero, koma ndikufuna kuti wofunsayo amvetse chifukwa chake, popeza ambiri amaona manambalawa ngati njira yongowadyera ndalama. Jekete la 50N linapangidwira munthu wodziwa kusambira, amene ali maso, ndiponso amene thandizo lili pafupi naye. Pa boti laling'ono limakhala labwino koposa, chifukwa boti likagubuduka mumatha kumira pang'ono n'kutuluka pansi pa thanga popanda kukanikizidwira m'mwamba. Koma silingatembenuze munthu amene wakomoka. Jekete la 150N linapangidwa kuti litembenuze munthu chagada, pakamwa ndi mphuno zikhale pamwamba pa madzi, ngakhale mtengo wa thanga utamumenya m'mutu usiku n'kugwera m'madzi osazindikira kanthu. Pa mpikisano wa Fastnet wa 1979, pakati pa England ndi Ireland, panafa opikisana 15, ndipo pa wa Sydney to Hobart wa 1998, ku Australia, panafa 6. Pambuyo pa ngozi ziwirizi malamulo a chitetezo anaunikidwanso ndi kukhwimitsidwa.

Ine ndathandizapo kuyendera maboti mpikisano usanayambe, ndipo chimene chimagwetsa anthu kawirikawiri si nambala. Ndikatsegula jekete lodzipopa lokha, ndimamasula kabotolo ka mpweya, kamene pa jekete la 150N nthawi zambiri kamakhala ka magalamu 33, n'kuyang'ana ngati sikanabooledwe kukamwa kwake kapena kuchita dzimbiri. Kenako ndimawerenga deti lolembedwa pa kachipangizo kamene kamaboola botololo kakanyowa, ndimayesa nyali ndi wezulo, ndimaona ngati dzina lalembedwa, ndipo ndimakoka lamba wodutsa pakati pa miyendo. Lamba ameneyu ambiri amamuchotsa ponena kuti amasowetsa mtendere, chonsecho popanda iye jekete likadzaza mpweya limakwera mpaka m'makutu, munthu n'kulendewera pansi pake. Malamulo aja a Offshore Special Regulations amafuna kuti woyang'anira boti ayendere yekha jekete lililonse kamodzi pachaka kapena kuposerapo. Njira yosavuta ndi kuliuzira mpweya ndi pakamwa, kulisiya usiku wonse, n'kuona m'mawa ngati lidakali lolimba.

Mphepo_ya_Kumbuyo:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiye ndikagula la 150N, kodi ndingamalivale pa mipikisano yonse, kulikonse?

Chiongolero:
Ayi, sungani onse awiri. Jekete lodzipopa lokha siliyenera boti limene limagubuduka kawirikawiri, chifukwa lidzafufuma nthawi yoyamba imene mwagwera m'madzi, ndipo likhoza kukutsekerezani pansi pa boti.

Za kulikonse nazonso samalani nazo, pakuti malamulo a mpikisano safafaniza malamulo a dziko limene mukupikisaniramo. Ku United States boma limayang'ana chizindikiro cha US Coast Guard, chimene kale chinkagawa majekete kuti Type I, II, III ndi V, ndipo majekete atsopano amalembedwa mlingo monga Level 70. Jekete lokhala ndi chizindikiro cha ISO chokha likhoza kukwaniritsa malamulo a mtundu wa boti koma osakwaniritsa lamulo la dzikolo, n'chifukwa chake zikalata zina zimatchula zizindikiro zonse ziwiri.

Kalondolondo:
Ndionjezere za mbendera Y, ya mizere yofiira ndi yachikasu yopendekeka, imene imalamula opikisana kuvala jekete, chifukwa imasokoneza ngakhale anthu odziwa. Ikakwezedwa pamadzi ndi kulira kumodzi, chizindikiro chochenjeza kuti mpikisano watsala pang'ono kuyamba chisanaperekedwe kapena pamodzi nacho, jekete limavalidwa pa mpikisano umenewo. Ikakwezedwa kumtunda, limavalidwa nthawi yonse imene muli pamadzi tsiku limenelo, popita ndi pobwerera pomwe, ndipo mumaloledwa kulivula kwa kanthawi kochepa pokhapokha posintha kapena pokonza zovala. Pa tsiku lotero, amene walivula ali pamadzi atamaliza mpikisano chifukwa cha kutentha akhoza kusumiridwa ku komiti yoweruza madandaulo. Chilango chake ndi kuchotsedwa pa mpikisano umenewo, pokhapokha ngati malangizo aika zilembo za DP pa lamulolo, zimene zimapatsa komiti mphamvu yopereka chilango chocheperapo.