Mwana wanga amafuna kulemba dzina m'phanga

Mayi wa ku Mbare:
Abale, Loweruka ndinapita ndi mwana wanga ku Domboshava, kufupi ndi Harare, komwe kuli phanga la zojambula zamakedzana. Ataona zojambula za m'phanga muja anangotola kamwala kuti alembepo dzina lake! Ndinachita manyazi. Ndimuphunzitse bwanji?

Agogo a ku Highfield:
Mwanawe, umuuze kuti mu 1998 wina anapaka penti m'phangamo, akatswiri anavutika kuichotsa.

Bambo wa ku Mufakose:
Mayi, mukamuonetse Great Zimbabwe, mabwinja a mzinda wakale wa miyala ku Masvingo. Makoma aja anawamanga popanda matope kapena simenti. Wanga ndinamuuza kuti asanje miyala, inagwa katatu, anangoti kukamwa yasa.

Mlongo wa ku Epworth:
Kwathu ku Dedza kulinso Chongoni, komwe kuli zojambula zamakedzana za pamiyala, bungwe la UNESCO linakuzindikira mu 2006 ngati malo ofunika padziko lonse. Zojambula zina ndi za chinamwali ndi nyau. Mukapita kumudzi patchuthi musamusiye.