Georgetown Prep ku Maryland: ndi sukulu yotani, nanga mnyamata amalowa bwanji?

Membala wosatchula dzina: Moni nonse akuluakulu, makamaka okhala mbali ya Maryland ndi DC. Mnyamata wanga wayamba Giredi 8 kuno ku Silver Spring, ndipo kutchalitchi atiuza za Georgetown Preparatory School. Kodi ndi seminale? Ndi pulayimale kapena sekondale, poti dzinali likundisokoneza? Ili pa ubale wanji ndi Georgetown University? Tiyambire pati, mayeso ake ndi ati, fizi ndi zingati? Ndithandizeni chonde.

Achisale: Mayi, si seminale ngati ya Nankhunda ayi. Ku Britain ndi ku Zimbabwe dzina lakuti "preparatory school" limatanthauza pulayimale, koma kuno ku America ndi sekondale yokonzekeretsa ana kupita kuyunivesite, Giredi 9 mpaka 12, tinene Fomu 1 mpaka 4. Ndi ya anyamata okhaokha, pafupifupi 500, ndipo eni ake ndi ansembe achiJezwiti, chipani chomwecho chimene chinatsegula Loyola ku Kasungu mu 2015.

Mbiri yake imayambira mu 1789, pamene John Carroll, episikopi woyamba wa Baltimore, anakhazikitsa sukulu ku Georgetown. Wophunzira woyamba, William Gaston, anafika mu 1791. Kwa zaka zoposa 100 anyamata aang'ono ndi a kukoleji ankaphunzira pamalo amodzi. Mu 1919 gawo la sekondale linasamukira pamene lili lero, pa msewu wa Rockville Pike ku North Bethesda, ndipo mu 1927 linadziimira palokha. Mvetsetsani apa, poti makolo ambiri amanamizika ndi dzina: kumaliza ku Prep sikumpatsa mwana malo ku Georgetown University. Amafunsira ngati wina aliyense.

Mbiriyi ili ndi chilonda chimene sitiyenera kubisira ana athu. Mu 1838 aJezwiti a ku Maryland anagulitsa akapolo 272, ndipo zina mwa ndalamazo zinabweza ngongole za Georgetown, nthawi imene sukulu ziwirizi zinali chinthu chimodzi. Mnyamata wachikuda aidziwe nkhaniyi asanavale jekete la pamenepo.

Anaphiri: Ine ndiyankhe za kalowedwe, chifukwa nthawi yakuthinani kale achemwali. Zonse zimachitika mwana ali Giredi 8. Cha mu Okutobala amatsegula zipata kuti makolo akaone sukulu. Kenako mumusungitsire tsiku lokakhala m'kalasi limodzi ndi ophunzira a pamenepo, ndipo masikuwa amadzaza msanga. Mafomu amatsekedwa chakumapeto kwa chaka kapena kuchiyambi kwa Januwale, mayankho amabwera cha kumapeto kwa Febuluwale. Akufuna malipoti a Giredi 7 ndi 8, makalata a aphunzitsi, makamaka a masamu ndi Chingerezi, ndiponso amacheza ndi mwanayo maso ndi maso. Chimene chimagwetsa anthu ndi makalatawa. Mphunzitsi mmodzi amalembera ana ambiri, ndiye mukampempha kwatsala sabata imodzi amangolemba mizere itatu yopanda mchere. Mpempheni kudakali mwezi wathunthu tsiku lotseka lisanafike.

Mayeso alipo amitundu iwiri, ndipo muone pa webusaiti ya sukulu amene akulandira chaka chino. HSPT ndi amene sukulu za Katolika za dera lino zimagwiritsa ntchito: mafunso 298 mu maola pafupifupi awiri ndi theka. Gawo loyamba lili ndi mafunso 60 mu mphindi 16 zokha, ndiye vuto si kuuma kwa mafunso koma liwiro. Kulakwa sikuchotsetsa malikisi, choncho asasiye funso losayankha. SSAT ndi yosiyana: yankho lolakwika limadya kota ya malikisi, ndiye kungolotera kumapweteka. Ilinso ndi chimangirizo cha mphindi 25 chimene sachichonga koma amachitumiza kusukulu momwe chilili. Mwana amene wazolowera malamulo a mayeso amodzi n'kukalemba enawo amataya malikisi aulere. Aziyeserera ndi wotchi patebulo, kawiri pa sabata.

Membala wosatchula dzina: Zikomo kwambiri. Nanga fizi, ndipo kuyendera n'kotheka?

Abanda: Fizi ndi yolemera: woyendera amapitirira $40,000 pachaka, wogonera $60,000 n'kukwera. Onjezani mabuku, majekete ndi mataye, ndi zida zamasewera. Thandizo lilipo, amapereka poyang'ana kapezedwe ka banja, koma fomu yake imapita nthawi imodzi ndi yofunsira malo. Odikira kuti mwana atengedwe kaye amapeza thumba litagawidwa kale. Konzani mapepala a msonkho, 1040 ndi W-2. Amene amagwira maganyu olandira ndalama pamanja osalemba pa msonkho amavutika kuonetsa zimene amapeza. Ndalama zimene mumatumiza kumudzi zilembeni pa malo ofotokozera, ndi malisiti ake.

Iyi ndiyo sekondale yokha ya aJezwiti yogonera mu America muno, komabe ambiri ndi oyendera. Siteshoni ya sitima ya Grosvenor-Strathmore, pa njanji ya Red Line, ili pafupi ndi geti. Kuchokera ku Silver Spring musamukweze sitima, imazungulira kudzera m'tauni ya DC. Basi yodutsa ku Bethesda kapena galimoto ndiyo yachidule.

Achisale: Kuwonjezera apo, si Akatolika okha amene amatengedwa, koma phunziro la chipembedzo ndi la aliyense zaka zonse zinayi, pamodzi ndi ntchito zothandiza ovutika, ndipo Chilatini sachithawa. Oweruza awiri a Supreme Court, Brett Kavanaugh ndi Neil Gorsuch, anamaliza pamenepo mu 1983 ndi 1985, choncho mpikisano wa malo ndi woopsa. Musafunsire pamodzi pokha. Ikaninso Gonzaga ya aJezwiti omwewo pafupi ndi Union Station, DeMatha ku Hyattsville, ndi St. Anselm's Abbey School ya aBenedikito. Gonzaga ndi DeMatha fizi yake ndi yotsikirapo ndithu.

Anaphiri: Ngati ali pa sukulu ya boma, HSPT mulembetse nokha kudzera ku arkidayosizi ya Washington. A m'sukulu za parishi amalembera kusukulu kwawo, ndiye palibe adzakukumbutseni. Chitani sabata ino.