Ndipite kusukulu kapena ndilimbikire zapafoni ndayambazi? Alangizi anzanga ndithandizeni

A admin ndibiseni dzina chonde, mabwana anga ali momuno.

Ndine mlangizi wa zaulimi kuno ku chigwa cha Shire, mbali ya East Bank (kum'mawa kwa mtsinjewu), ndili ndi dipuloma ya ku NRC, koleji ya zaulimi ya ku Lilongwe. Sekishoni yanga ndi yaikulu kale komanso ndikugwirizira ina yoyandikana nayo poti mnzathu anasamutsidwa sikunabwerenso wina, ndiye mukudziwa nokha kupalasa njinga ndi dzuwa la kuno, ukamafika mudzi wachitatu malaya ali chonyowa, alimi nawo abalalika kale.

Nthawi ya namondwe Freddy mu 2023 misewu inaduka, midzi ina kufikako kunali pa bwato basi. Madzi ataphwa anthu anathamangira kumadimba kukadzala chimanga ndi mbatata pa chinyontho, posakhalitsa mbozi za ntchemberezandonda zinalowa ine ndilibe pofikira. Ndiye ndinatsegula gulu la WhatsApp la ma lead farmer (alimi otsogolera anzawo) amene ali ndi foni zazikulu, ndikumajambula mawu mu Chisena ndi Chimang'anja poti kulemba ambiri sawerenga, iwo akumakamvetsa anzawo pansi pa mtengo wa nimu. Tsiku lina mayi wina anatumiza chithunzi chosaoneka bwino nkomwe, tsamba la chimanga lobooka timawindo, mumtima mwake muli ndowe ngati utuchi. Ndinawayankha usiku womwewo kuti ayendere munda m'mamawa, aphwanye mazira akawapeza pa tsamba, athire mchenga wosakaniza ndi phulusa mumtimamo. Patapita sabata anajambula mawu akuti "takhuta alangizi, chimanga chadzuka", mawu amenewo sindinafufute mpaka pano.

Koma ku ofesi zinthu sizikuyenda. Ndimalemba zonse mu foni, mudzi uti, mahekitala angati agwidwa, tsiku liti, ndikawaonetsa bwana akuti zimenezo mulibe mu ndondomeko, iwo akufuna lipoti la pa fomu basi. Fomuyo sindikukana, ndimadzaza mwezi ndi mwezi, koma ikamafika ku boma mbozi zatha kale munda. Bandulo ndikugula ndi ndalama ya m'thumba mwanga. Ma wekishopu akabwera opita ndi omwewomwewo, ine ndimangomva kuti anzathu ali ku Blantyre. Sikuti ndikulirira alawansi ayi, ndikufuna kuphunzira, mtima umandiwawa chifukwa ntchitoyi ndimaikonda.

Pano ndikuganiza zochita digiri ya ODL (yophunzira uli kwanu) ku LUANAR, yunivesite ya zaulimi, poti popanda pepala sukwezedwa, koma ndili ndi ana atatu ndipo ndalama ya fizi ndi yomweyo ndimagulira bandulo. Amene munachita ODL muli pa ntchito ya boma munayenda bwanji? Nanga zapafonizi pali njira yoti zivomerezedwe, kapena ndingosiya?

Mlangizi wopuma, Ngabu: Mwana wanga usasiye, koma usamenyane ndi bwana wako. M'boma chinthu chosalembedwa ndiye kuti kulibe. Lemba tsamba limodzi lokha, vuto linali lotani, unachita chiyani, alimi angati ali pagulupo, ulipereke kwa AEDC wako, mkulu wa alangizi m'dera lanu, ndipo kope ina usunge. Upemphe kuti chilowe mu work plan yako ya chaka, chikalowa mmenemo palibe anganene kuti ukusewera pa foni nthawi ya ntchito. Kenako upemphe kukafotokoza ku msonkhano wa DAECC, komiti ya za ulangizi wa zaulimi ku boma, kumeneko kumakhala mabungwe amene amafuna zinthu ngati zimenezi. Uwatenge bwanawo ngati eni ake a nkhaniyo, mutu ukakula sulewa nkhonya, akafunsidwa ndi iwowo.

Wazaumoyo, Nsanje: Achimwene ife a HSA, azaumoyo a m'midzi, tinadutsa momwemo. cStock inayamba m'maboma ochepa, kungotumiza SMS kuti mankhwala a village clinic atsala angati, akuluakulu ena ankaiona ngati masewera, pano tikukamba za iCHIS, pulogalamu ya pa foni yolembera za umoyo m'midzi. Zimatenga nthawi koma zimafika. Chenjezo langa ndi limodzi, manambala a alimi musamagawe kwa aliyense wobwera ndi galimoto, komanso za mankhwala ophera mbozi musamatchule mulingo pongoona chithunzi, munthu akawotcha chimanga kapena akadwala mlandu ndi wanu.

Mphunzitsi, Nchalo: Ine ndinena mosapsatira, pitani kusukulu. Ma intaviyu a promotion safunsa kuti gulu lanu la WhatsApp lili ndi anthu angati, amayamba aona pepala. ODL ndiyabwino chifukwa simuchoka pa ntchito koma musayambe mwakachetechete, lembani kalata yopempha chilolezo kudzera kwa bwana wanu mpaka ku khonsolo, yankho lake mulisunge. Ena anaphunzira mobisa pobwera ndi digiri nkuvutika kuti iwerengedwe. Fizi lowani banki mkhonde kapena SACCO, katapila ayi.

Mlimi, Bangula: Alangizi ife sitidziwa za mapepala anuwo koma musatitaye. Kuwoloka Shire pa Mtayamoyo kukafuna ulangizi ndi ndalama, mawu a pa foni amatipeza pakhomo. Kodi ife a tsidya lino mungatilowetse?

Wolemba funso: Zikomo nonse. Bambo a ku Ngabu, zoti ndiwaike bwana patsogolo sindinaziganizepo, ndimangopita ndi foni m'manja ngati ndikuwatsutsa, mwina mpake amakana. Tsamba lija ndilemba Loweruka lino. Achemwali a ku Nsanje mwandikumbutsa, pali mulingo wina ndinatchula pa chithunzi chabe, mawa ndipita ndikaone mundawo ndi maso. Bambo a ku Bangula muli ndi mlangizi wanu kumeneko, sindingamulumphe, nditumizireni uthenga ku inbox ndilankhule naye titsegule lanu. Zasukuluzi ndikufunabe kumva kwa amene anachitadi ODL ku LUANAR ali kumudzi kopanda magetsi, ma assignment munkatumiza bwanji netiweki ikamavuta chonchi? Kuno kuti chithunzi chimodzi chidutse ndimakwera pa chulu kuseri kwa sukulu.