Statkraft ya ku Norway: kampani ya boma ikhala bwanji yamalonda chonchi?

Nambewe: Abale, ndithandizeni. Ndikuwerenga za Statkraft ndipo mutu wandiima. Akuti ndi ya boma la Norway yonse yathunthu, koma ikupanga magetsi mpaka ku Brazil ndi ku Chile, ndipo ku Ulaya kulibe inzake yoiposa pa magetsi a madzi, mphepo ndi dzuwa. Zinayamba bwanji?

Mkulu Wamawaya: Chemwali, nkhaniyi muiyambire pa mathithi, kampani inabwera mochedwa. Mu 1895 boma linagula mathithi a Paulenfossen pofuna magetsi a sitima yapamtunda, ndipo Statkraft imawerengera mbiri yake kuchokera pamenepo. Koma chomwe chimandigwira mtima ine ndi malamulo omwe anakhazikitsa kuyambira 1906 mpaka 1917. Norway inali itangopatukana ndi Sweden mu 1905, ilibe chuma chambiri, pamene anthu a ndalama ochokera kunja ankagula mathithi motchipa kwa alimi. Aphungu anati: manga damu lako, dyerera, koma zikatha zaka monga 60 zonse zibwerera ku boma popanda kulipira kanthu. Anthu amenewa ankaganizira zidzukulu zomwe sanazione n'komwe.

Kwa zaka zambiri ntchitoyi inali pansi pa nthambi ya boma yoona za madzi ndi magetsi yotchedwa NVE. Mu 1992, lamulo latsopano litatsegula msika wa magetsi, anaigawa ntchitoyi ku makampani awiri: Statnett inatenga mawaya akuluakulu, Statkraft inatenga makina opangira magetsi. Kuyambira apo imapikisana pamsika ngati wina aliyense, koma phindu limapita kuthumba la boma.

Mukafuna kuona kukula kwake, fufuzani siteshoni yopangira magetsi ya Kvilldal. Makina ake ali m'kati mwa phiri, amatha kupanga mamegawati 1,240, ndipo madzi amachokera ku nyanja yochita kumanga ya Blåsjø. Magetsi akakwera mtengo amatsegula madzi, akatsika amatseka n'kusunga. Bizinesi yagona pamenepo.

Achisale: Bambo, mwafotokoza bwino, koma anthu a mtundu wa Sami, eni nthaka akalekale a kumpoto kwa dzikolo, mwawasiya kuti? Damu la pamtsinje wa Alta linamangidwa anthu akulira, ena atanyanyala kudya kunja kwa nyumba ya malamulo mu 1979. Mu 2021 khoti lalikulu linagamula kuti makina a mphepo a ku Fosen, komwe Statkraft ili ndi gawo lalikulu, anaphwanya ufulu wa a Sami oweta reindeer, nyama zonga mbawala. Kukhala ya boma sikunaichititse kumva msanga.

Mkulu Wamawaya: Zoona, mayi, pamenepo sindingatsutse.

Nambewe: Zikomo nonse. Nanga eni dziko amapindula pa bilu? Ndamva kuti nthambo zopita ku Germany ndi ku Britain zitayamba ntchito mu 2021, mitengo inakwera kwambiri kum'mwera kwa dzikolo.

Achisale: Inakweradi, mpaka boma linayamba kulipirako mabanja gawo la bilu. Koma nthambozo musaimbe nazo mlandu Statkraft, mbali ya Norway ili m'manja mwa Statnett.